Womasulira wa Kukhoti

Lolemba nkhungu isanachoke pa Katoto
ndimavala jekete langa, lomwelo la kumaliro,
kukabwereketsa pakamwa.
Ntchito yanga ndi kuyima pakati pa majisitireti ndi anthu
n'kumanena kuti "ine"
pa zinthu zimene sindinachite.

Lero m'mawa ndine Yotamu Chavula,
woyendetsa takisi ya ku Ekwendeni.
Ndinamwa mabotolo awiri okha, bwana.
Kunazizira, Juni wa kuno mukumudziwa.
Msewu umenewu ndauyenda zaka khumi ndi zinayi,
maenje ake ndimawatchula mayina.
Njingayo inalibe nyale.
Ndinangomva phuu pa Luwinga,
ndinayesa galu.

Ndikunena zonsezi m'Chingerezi chosita bwino,
fungo la mowa latsala m'chilankhulo chinacho.

Sajeni Harawa wabwera ndi kamakina kouziramo,
wakayika patebulo ngati dzira.
Akuti Chavula atauzira
nambala inalumpha mzere umene lamulo linalemba.
Loya wadzuka, wamanga batani.
Kamakinaka kanayesedwa liti?
Anasaina ndani?
Nanga batire?
Mpaka belu la nkhomaliro
anthu akuluakulu tikukambirana za batire.

Masana ndine NyaMsowoya wa ku Zolozolo,
mkazi wa Fwasani wa kabaza.
Usiku umenewo sindinatseke chitseko ndi mpiringidzo.
Kunja kutacha anandiyitana kupolisi,
njinga itapindika ngati waya wa ana.
Ndinayidziwira khushoni ya pakaliyala:
ndinasoka ndekha
ndi chitenje chotsala pa chinkhoswe chathu,
ulusi wakuda utatha ndinamalizira wofiira.

Apa mayiyu wasiya kuyankhula.
Watulutsa kamawu kochokera pansi pa nthiti,
kosakhala Chitumbuka, kosakhala Chichewa.
Cholembera cha majisitireti chayima m'malere.
"Masulirani."
Ndafufuza m'mabuku onse a m'mutu mwanga,
ndime ndi ndime, gawo ndi gawo.
Ndati: "Mboni ikupempha madzi."

Pa wailesi ya mlonda wa pageti
akukangana zokhwimitsa lamulo.
Wina akuti chindapusa chikwere,
wina akuti laisensi azilanda mpaka kalekale,
wina wayimba kuchokera ku Chiputula
akuti vuto si lamulo, ndi dzanja la pawindo
limene limalandira kapepala kopindapinda
n'kukweza chitsulo cha parodibuloko.
Yunitsi yamuthera asanamalize.

Chigamulo chidzabwera mwezi wa mawa.
Chavula akamugoneka kundende, kapena ayi.
Ine ndidzayimanso pakati
kuwerenga zaka kapena makwacha
m'zilankhulo ziwiri, mosalakwitsa nambala.
NyaMsowoya wafunsa kalaliki
ngati njingayo adzamubwezera mlandu ukatha.
Mwana wamkulu miyendo yayamba kufika pamapedulo.

Lachisanu ndili ku Chibavi, pampando wanga wa nthawi zonse.
Makiyi a kagalimoto kanga ali m'thumba la jekete,
lomwelo la kumaliro.
Ndi kangati ndadzuka Loweruka ku Mchengautuwa
galimoto ili pabwalo, yoyimikidwa chopingasa,
ine osakumbukira kuti ndinadzera njira iti?
Palibe anandiyimitsa.
Palibe anandiuziritsa kanthu.
Dzina langa silinalembedwepo pa fayilo.

Mnyamata wa pakauntala wafunsa, ndiwonjezere?
Ndatsegula pakamwa
ndipo mwatuluka Chavula:
awiri okha, kwazizira.

Ndalipira. Ndatuluka.
Galimoto ndayisiya kwa mlonda, ndamupatsa ya tiyi.
Pangodya mnyamata wa kabaza akuwomba m'manja ndi chisanu.
"Tipite, bwana?"
Ndakwera.
Akupalasa chokwera, mpweya ukufuka pakamwa,
magalimoto akutipitirira m'nkhungu, ena nyale imodzi,
aliyense ndikumumvera m'msana.
Pansi pa ine pali khushoni.
Njira yonse zala zanga zikutsata msoko wake,
mumdima, osadziwa mtundu wa ulusi.